Ndagi ya pa Nguludi: M'mene Maseŵera Adaloŵera m'Kalasi ya Malembo

Nkhani yathu ya lero tiiyambira pansi pa mtengo. Lamulungu lina m'maŵa, Misa yoyamba itatha, ndidaima pambali pa gulu la ana ku Nguludi, m'boma la Chiradzulu. Anawo adakhala pansi mozungulira, ndipo mai wina amene amaŵaphunzitsa adaimirira pakati pao, m'manja mulibe buku ngakhale choko. Mwadzidzidzi adafuula kuti, "Ndagi!" Ana onse adayankhira pamodzi kuti, "Gize!" Apo mai uja adati, "Ndidakwera mumkuyu ndili wodedwa ndi mudzi wonse, ndidatsika ndili ndi mlendo wokagona kwathu." Padakhala bata kanthaŵi. Kenaka kamtsikana kena, kamene kadali katabereka mng'ono wake kumsana, kadakuwa kuti, "Zakeyu!" Anzake adaomba m'manja. Koma mai uja sadathamangire ku ndagi ina. Adafunsanso kuti, "Nanga Zakeyuyo anthu ankamudera chiyani?" Ndipo mpamene phunziro lidayambira.

Ambiri a ife tidakula tikuona zotere, kotero timayesa kuti zidali choncho chikhalire. Sichoncho ai. Kuti ndagi ya pabwalo ifike pokhala chida chophunzitsira Malembo padapita zaka zambiri, ndipo mbiri ya Nguludi ikutithandiza kuona njira imene idadzera. Mbiriyi ikutiphunzitsanso chinthu chimodzi chimene makolo ndi aphunzitsi ayenera kuchisunga: seŵero limathandiza mwana kugwira Malembo pokhapokha ngati likumfikitsa pa funso lachiŵiri lija, funso lofuna tanthauzo.

Tiyambe ndi chiyambi cha malowo. Ansembe a chipani cha Montfort adafika m'dziko muno m'chaka cha 1901, nakhazikika ku Nzama, m'boma la Ntcheu. Adali atatu: Bambo Pierre Bourget, Bambo Augustin Prézeau ndi Bambo Antoine Winnen. M'chaka cha 1903 adatsegula mishoni ya Nguludi, kum'maŵa kwa Limbe, naiika m'manja mwa Yosefe Woyera. Kuyambira 1910, pamene Ambuye Louis Auneau adakhala episkopi wa chigawo cha Shire, udindo umene adaugwira zaka pafupifupi 40, Nguludi idasanduka phata la ntchito za mpingo wa Katolika kummwera kuno. Nkomweko kumene Ambuye Auneau adayambitsa chipani cha asisteri a kuno kwathu, Atumiki a Maria Virigo Woyera, m'zaka za m'ma 1920. Nkomwekonso kumene m'kupita kwa zaka kudamangidwa sukulu yosulira aphunzitsi, imene nyumba zake zidasanduka Yunivesite ya Katolika m'chaka cha 2006.

Nanga ana amene ansembe oyambawo adaŵapeza adali otani? Adali ana a Amang'anja, a Ayao, ndiponso a Alomwe amene pa nthaŵiyo ankaloŵa m'dziko muno mwaunyinji kuchokera ku Mozambique, nakhala m'minda ya Azungu momwe makolo ao ankagwira thangata. Zilankhulo zidali zitatu, sukulu inkayenda m'Chinyanja, ndipo mabuku adali osoŵa ngati mchere wa m'chaka cha njala. M'masukulu a kumidzi mphunzitsi mmodzi ankaima ndi katekisimu mmodzi kutsogolo kwa ana ochuluka. Katekisimu ndi buku la mafunso ndi mayankho. Mphunzitsi ankatchula funso, ana nkuyankha onse pamodzi, kubwereza mpaka mau atakhazikika m'mutu. Kwa mwana wa ku Ulaya njirayi mwina idali yotopetsa. Koma mwana wa kuno adali ataizoloŵera kale kuchokera pabwalo, pakuti ndagi nayo ndi funso loyembekeza yankho, ndipo nthano siyenda popanda omvera kuvomereza.

Ansembewo nawo adabwera ndi mwambo wao. Amene adayambitsa chipani chao, Louis-Marie Grignion de Montfort, adabadwa m'chaka cha 1673 ku Brittany, m'dziko la France, namwalira mu 1716. Adali mlaliki woyendayenda pakati pa alimi osauka, ambiri mwa iwo osadziŵa kuŵerenga. Pofuna kuti chiphunzitso chiŵaloŵe, adapeka nyimbo zoposa 100, ndipo zambiri adaziika pa maimbidwe a nyimbo zimene anthu ankaimba kale m'misika ndi m'misewu. Ku Pontchâteau, m'zaka za 1709 ndi 1710, adasonkhanitsa anthu kuti aunjike dothi ndi kumanga phiri lofanizira Gologota, pamwamba pake nkuimikapo mitanda, kuti munthu aone ndi maso zimene akadaziŵerenga m'buku. Nzeru yotereyi idali yakale mumpingomo. M'chaka cha 1223, ku Greccio m'dziko la Italy, Fransisko wa ku Assisi adakonza khola lenileni, ndi udzu, ng'ombe ndi bulu, usiku wa Khirisimasi. Khola limene ana amathandiza kumanga m'matchalitchi athu mwezi wa Disembala ndi mdzukulu wa khola limenelo. Choncho Malembo adafika ku Nguludi kudzera m'khutu ndi m'maso asanafike m'manja: m'nyimbo, m'zithunzi, m'khola la Khirisimasi, ndi m'Njira ya Mtanda imene munthu amaiphunzira poyenda ndi miyendo yake, malo 14, kuima ndi kugwada.

Tsono tisaiŵale kuti mudzi udali ndi sukulu yake kalekale mishoni isanabwere. Madzulo, chakudya chitatha, ana ankasonkhana kwa agogo kukaponyerana ndagi ndi kumvera nthano. Masana anyamata ankaumba ng'ombe zadothi kudambo, atsikana ankaseŵera phada. Nyengo yokolola ikatha kunkakhala masanje, pamene ana ankamanga timisasa kunja kwa mudzi, nasankhana kuti uyu ndi bambo, uyu ndi mai, uyu ndi mfumu, uyu ndi fisi, nkuyeseza moyo wonse wa akuluakulu. Amishoni a mipingo yonse ankayang'ana ndi diso lokayika zambiri za pabwalo, makamaka magule a usiku ndi miyambo ya chinamwali, ndipo ana a sukulu ankaletsedwa kupitako. Komabe palibe amene adatha kuimika mlonda pakati pa kalasi ndi masanje. Amene adaolotsa nkhani za m'Baibulo kuchoka m'kalasi kupita ku maseŵera adali ana eniake.

Agogo anga aakazi, amene adakulira m'mudzi wina wa m'parishi imeneyi m'zaka za m'ma 1950, ankandisimbira za zimenezi akuseka. Ankati ku masanje kwao sikunkasoŵa wansembe. Mnyamata wina ankadziphimba nsalu ya amake, nkudula mbatata timagawo topyapyala, nkumang'ung'udza mau osamveka poyesa Chilatini, pakuti masiku amenewo Misa inkachitika m'Chilatini. Nkhani imene mphunzitsi waonetsa pa chithunzi m'maŵa, madzulo inkaseŵeredwa. Yosefe ankaponyedwa m'dzenje lokumbamo dothi lomatira nyumba, ndipo ogula akapolo ankabwera ndi ng'ombe zadothi m'malo mwa ngamira, popeza ngamira palibe adaaiwonapo. Pa nkhani ya Davide ndi Goliati ndiye pankabuka mkangano, chifukwa aliyense ankafuna legeni, ndipo palibe ankafuna kugwa. Agogowo adamwalira osadziŵa kuŵerenga bwino, koma nkhani ya Yosefe ankaifotokoza yonse, kuyambira pa maloto mpaka pa kukhululukira abale ake, ndipo pakakhala mkangano pabanja ankaitchula ngati nkhani ya m'mudzi mwathu momwe.

Imeneyo idali njira imodzi. Koma m'boma lomwelo la Chiradzulu mudalinso njira ina. Ku Mbombwe, mtunda wosatalika kuchokera ku Nguludi, Mbusa John Chilembwe adatsegula Providence Industrial Mission m'chaka cha 1900. Iye, monga amishoni a Chipulotesitanti a ku Blantyre ndi ku Nkhoma, ankakhulupirira kuti mkhristu aliyense ayenera kudziŵerengera yekha Baibulo. Mipingo imeneyi ndiyo idabweretsa Sande Sukulu, mwambo umene Robert Raikes adautchukitsa ku Gloucester, ku Mangalande, kuyambira 1780. Ndipo pamene Buku Lopatulika lidatuluka lathunthu m'chaka cha 1922, ntchito imene adaitsogolera Mbusa William Murray, Chinyanja chidakhala ndi Baibulo loti banja nkugula ndi kusunga m'nyumba.

Buku likakhala m'manja, maseŵera ake amakhalanso ena. M'Sande Sukulu mudakula mpikisano woloŵeza mavesi pamtima, woloŵeza maina a mabuku 66 mwa ndondomeko yake, ndi wotsegula Baibulo mwaliŵiro: mphunzitsi atchula buku, mutu ndi ndime, ndipo woyamba kupeza aimirira naŵerenga. Seŵero limeneli likuoneka lachibadwire, koma alembi a Malembo sakadalidziŵa, pakuti iwo sadalembe mitu kapena manambala a mavesi. Mitu imene tili nayo idakonzedwa ndi Stephen Langton, amene adadzakhala arkiepiskopi wa ku Canterbury namwalira mu 1228. Manambala a mavesi a Chipangano Chatsopano adaikidwa ndi wosindikiza mabuku Robert Estienne m'chaka cha 1551. Mwana wothamangitsa zala m'masamba Lamulungu m'maŵa akuseŵera pa mizere imene anthu aŵiriwo adajambula.

Mishoni ziŵirizi sizidakhalirane bwino, ndipo tonse tikudziŵa m'mene zidathera. Usiku wa pa 23 Januwale 1915, anthu a Chilembwe adaukira ulamuliro wa atsamunda, atatopa ndi nkhanza za thangata, kutenthedwa kwa nyumba zao zopemphereramo m'minda ya A. L. Bruce ku Magomero, ndi kutengedwa kwa anthu akuda kupita ku nkhondo ya Azungu. Pa 26 Januwale mishoni ya Nguludi idatenthedwa, ndipo Bambo Swelsen adavulazidwa kwambiri. Asilikali a boma nawo adagumula tchalitchi cha ku Mbombwe, ndipo Chilembwe adaphedwa pa 3 Febuluwale. Pa kafukufuku amene adatsatira, Azungu ena a m'minda adaloza chala sukulu za mishoni. Ndatchula zimenezi kuti tisaganize kuti nkhani ya lero ndi ya tiana chabe. Nkhani ya Mose ndi Farao imene mwana amaiseŵera ali ndi zaka 8, amadzaiganizira mwa mtundu wina ali ndi zaka 30, msonkho ndi thangata zili pakhosi. Chimene taika m'seŵero la mwana chimakula naye pamodzi.

Njira ziŵirizi zidayenda motalikirana zaka zambiri. Mwana wa Sande Sukulu ankadziŵa pamene vesi lili, mwana wa katekisimu ankadziŵa nkhani ndi yankho lake, ndipo aliyense ankaseka mnzake pa chimene akusoŵa. Kusintha kudadza ndi Msonkhano Wachiŵiri wa ku Vatican, wa 1962 mpaka 1965, umene udalola kuti Misa izichitika m'zilankhulo za anthu, nulimbikitsa akhristu onse kuŵerenga Baibulo. M'chaka cha 1966 Akatolika adalandira Baibulo lao lathunthu m'Chinyanja, Malembo Oyera, lomasuliridwa ndi Bambo Louis Villy. Kenaka mu 1998 kudatuluka Buku Loyera, limene Akatolika ndi Apulotesitanti adamasulira pamodzi m'Chicheŵa cha masiku ano. Kuyambira pamenepo ana a mbali zonse ziŵiri adatha kupikisana pa buku limodzi, ndipo maseŵera adabwerekana. Mpikisano wa mavesi udaloŵa m'maparishi, ndipo zisudzo za Khirisimasi ndi za Pasaka zidakhala za mipingo yonse. Ngakhale dzina la kalasi ya ana m'mpingo wa Katolika, Tilitonse, ndi mau omwe aja amene omvera amayankha pamene wokamba nthano wayamba. Pabwalo paja padaloŵa m'tchalitchi ndi dzina lomwe.

Apa wina angati, basi nkhani yatha bwino. Koma akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Lolani ndiulule cholakwa changa. Pamene ndinkaphunzira zauphunzitsi, adanditumiza ku sukulu ina kukayesera ntchito, ndipo Lamulungu ndinkathandiza kuphunzitsa ana kutchalitchi. Pofuna kuoneka waluso, ndidakonza mpikisano wa mafunso a m'Baibulo, mphotho yake makope ndi mapensulo. Ana adachuluka, phokoso lidakula, makolo adandiyamikira. Mnyamata wina wochenjera adapambana milungu inai yotsatizana. Ankadziŵa kuti Yona adakhala masiku atatu m'mimba mwa chinsomba, kuti Metusela adakhala zaka 969, kuti mitsuko ya ku Kana idali 6. Tsiku lina ndidamfunsa kuti, "Nanga Yona ankathaŵiranji?" Adandiyang'ana modabwa nati, "Aphunzitsi, limenelo silili pa mafunso." Adanena zoona. Ine ndidamphunzitsa kuŵerenga mitsuko, osati kulaŵa za m'katimo.

Chidandipweteka koposa chidali china. M'gulumo mudali mtsikana amene ankakhala kumbuyo osakweza mkono. Ndidamuyesa waulesi. Patapita milungu adaleka kubwera, ndipo nditafunsa kwao, amai ake adandiwuza kuti mwanayo samva bwino, ndipo pamene akuti agwire funso, anzake amakhala atayankha kale. Seŵero langa lidali la othamanga okhaokha. Lidatenga uthenga wonena kuti otsiriza ali ndi malo, nkuuphunzitsa m'njira yopatsa mphotho oyamba okha. Pa chimenechi Nguludi ili ndi mau oti itiuze, pakuti nkomweko kuli sukulu ya Mary View ya ana osamva, ndi koleji ya Montfort yosula aphunzitsi a ana osaona, osamva ndi ovutika kuphunzira. Aphunzitsi a ana otere amadziŵa kuti phunziro liyenera kukhala ndi makomo angapo. Mwana wosamva sangapambane pa ndagi yapakamwa, koma mpatseni nkhani ya Msamariya wachifundo kuti aiseŵere ndi manja ndi nkhope, mudzaona amene waimvetsa. Mwana wosaona sangathamangitse maso m'masamba, koma mpatseni dothi aumbe nkhosa zana limodzi ndi anzake, mubise imodzi, ndipo iye ndiye adzayamba kuzindikira kuti yasoŵa.

Kodi Malembo eniake akutinji za maseŵera? Saŵakana ai. Samisoni adaponya ndagi pa phwando la ukwati wake, ngakhale kuti ndagi yakeyo, popeza idali ya kubetcha, idathera m'mwazi. Mfumukazi ya ku Sheba idayesa nzeru za Solomoni ndi mafunso ovuta. Mneneri Zekariya, pofuna kujambula mzinda wamtendere, adatchula miseu yodzaza anyamata ndi atsikana akuseŵera. Ndipo Yesu, pa Mateyo mutu 11, adafanizira anthu a m'nthaŵi yake ndi ana okhala pamsika, amene akudandaulira anzao okana kuloŵa nawo m'seŵero la ukwati ndi la maliro. Ameneŵa ndi masanje enieni, ndipo zikuonetsa kuti iye adaimapo nkuŵapenyerera. Mafanizo ake nawonso ali ngati ndagi: nkhani yaifupi ya mbeu, ya ndalama yotayika kapena ya mwana woloŵerera, imene imamsiya womvera ndi ntchito yomasula yekha.

Masiku ano maseŵera a m'Baibulo afika pa foni ndi pa kompyuta, ndipo mipikisano ya mafunso imamvekanso pa wailesi. Sindikuzinyoza, pakuti inenso ntchito yanga ndi ya pa wailesi. Koma muyeso wake ndi womwe uja wakale, ndipo mphunzitsi kapena kholo lililonse lingathe kuugwiritsa ntchito. Choyamba, kodi seŵeroli likatha mwana angathe kufotokoza nkhani yonse m'mau akeake, kapena wangotola dzina ndi nambala? Chachiŵiri, kodi mwana wochedwa, wamanyazi, wosamva kapena wosaona ali ndi mbali yake, kapena ndi woombera m'manja anzake basi? Chachitatu, kodi pambuyo pa yankho pali funso lina lofunsa chifukwa? Zipangizo sizisoŵa: dothi lili kudambo, nsalu ya amai ilipo, ndagi ili pakamwa pa agogo.

M'mera mpoyamba, adatero makolo. Ansembe a 1903 adabwera ndi katekisimu, nyimbo ndi zithunzi. A ku Mbombwe adabwera ndi buku loti munthu adziŵerengere. Ana a m'midzi ya Chiradzulu adatenga zonsezo nkupita nazo ku masanje, ndipo patapita zaka aphunzitsi adaŵatsatira komweko. Mai uja wa pansi pa mtengo ndi mloŵachuma wa onseŵa. Ndisanachoke tsiku limenelo, ndidamva ana akukangana za Zakeyu. Wina ankati munthu wobera anzake sayenera kuchezeredwa. Kamtsikana kaja kadati, "Koma adabweza." Wina adafunsa kuti, "Adabweza asanachezeredwe kapena atachezeredwa?" Belu la Misa yachiŵiri lidalira asanagwirizane, ndipo adanyamuka akukanganabe.

Funso limenelo ndakusiyirani inu, omvera, kuti mukalifunse kwa ana anu madzulo ano. Nkhani yake ili pa Luka mutu 19.